Kuthamanga mitunda italiitali mongodzilimbitsa thupi: mafunso ndi mayankho

Mayankho awa sanalembedwere akatswiri othamangira mendulo. Alembedwera munthu wamba amene amadzuka m'bandakucha, kuthamanga, kusamba, n'kupita ku ntchito kapena ku geni, kaya wayamba kumene kaya akufuna kuchoka pa makilomita 5 kufika pa 21 kapena 42.

Ndikangothamanga mphindi zisanu, ndimakhala ndili wefuwefu, mtima uli thithithi. Kodi ndiye kuti kuthamanga si kwanga?

N'kwanu ndithu. Vuto ndi liwiro. Ambirife tinaphunzirira kuthamanga kusukulu, kumene kunali mpikisano wa mamita 100 kapena chilango cha obwera mochedwa, ndiye miyendo ikangomva kuti lero tikuthamanga imaliyatsa liwiro lonse pa chiyambi pomwe. Pofika pa mphambano yachiwiri munthu watheratu, n'kubwerera kunyumba akudziona wolephera.

Muyeso wake ndi wapafupi. Pothamanga ndi mnzanu, muzitha kumufotokozera zonse zimene zinachitika ku ntchito dzulo osadukiza chiganizo. Ngati mukungotulutsa liwu limodzilimodzi, chepetsani. Ngati mwachepetsa koma mpweya ukuperewerabe, yendani, ndipo mukapezako bwino muyambirenso. Liwiro lake limachititsa manyazi masiku oyamba, moti mayi wosenza mtolo wa nkhuni akhoza kumayenda nanu limodzi. Musadandaule nazo. Ngakhale othamanga a ku Iten ku Kenya, amene dziko lonse limawaopa, masiku ambiri a pa sabata amathamanga mofatsa, liwiro lenileni amalisungira masiku ochepa.

Ndondomeko yodziwika bwino ya Couch to 5K, imene a zaumoyo a NHS ku Britain amalimbikitsa, imayamba motere: mphindi imodzi kuthamanga, mphindi imodzi ndi theka kuyenda, kubwerezabwereza kwa mphindi 20, katatu pa sabata. Pakutha masabata 9 munthu amakhala akuthamanga mphindi 30 osaima. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndizithamanga kangati pa sabata, nanga mtunda ndiziwonjezera bwanji?

Katatu n'kokwanira kwa woyamba, ndipo pakati pazikhala tsiku lopuma. Chifukwa chake n'chakuti ziwalo za thupi sizizolowera nthawi imodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata ochepa, koma mitsempha ya ku chidendene, mawondo ndi mafupa a msongolo zimatenga miyezi. Ndiye pamafika nthawi, kawirikawiri mwezi wachiwiri, imene mpweya umakhala ukukwana bwinobwino ndipo munthu amadzimva kuti akhoza kuthamanga tsiku lililonse, pomwe miyendo isanakhwime. Ambiri amavulala nthawi imeneyi.

Muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi muzichepetsako dala. Musawonjezere mtunda ndi liwiro nthawi imodzi. Tsiku limodzi pa sabata, kwa ambiri Loweruka, likhale la ulendo wautali kuposa ena onse, koma wofatsa kwambiri.

Nsapato zothamangira za m'sitolo n'zodula koopsa. Kodi za pa kaunjika zingathandize?

Zingathandize, ndipo ambiri amene mumawaona m'misewu m'mawa avala zomwezo. Chofunika n'kudziwa kusankha, chifukwa nsapato yothamangira imafera m'kati kunja kukuonekabe bwino. Chimene chimateteza mwendo ndi siponji ili pakati pa phazi ndi labala wa pansi, ndipo siponjiyo imatha mphamvu ikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800. Mwini wake woyamba kunjako mwina anaitaya pa chifukwa chimenecho. Wogulitsa waichapa ndi sopo, waipaka choyeretsa, ndipo adzakuuzani kuti, "Bwana, iyi ndi ya belo la lero, sinavalidwepo." Inu musayang'ane kuwala kwake.

Itembenuzeni muone kunsi. Ngati mizere ya labala yafufutika ku chidendene kapena pansi pa zala, isiyeni. Kanikizani siponjiyo cha m'mbali ndi chala chachikulu: yamoyo imabwerera, yakufa imakhala gwa kapena ili ndi makwinya ozama ambirimbiri. Kenako iikeni pamalo osalala, pa thabwa kapena pa simenti, n'kuiyang'ana cha kumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi ndiye kuti inatengera kapondedwe ka munthu wina, ndipo idzapotoza mwendo wanu kuti uzitsatira. Ipindeni: iyenera kupindika pamene zala zimapindikira, osati pakati. Tulutsani kopondapo ka m'kati muone ngati pansi sipanabooke, ndipo ngati mukumva fungo la guluu watsopano, dziwani kuti soliyo yamatidwa dzulo.

Za kukula kwake, phazi limafufuma mukathamanga nthawi yaitali. Pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja. Yesani zonse ziwiri, mutavala sokosi zimene muzithamangira, makamaka masana phazi litafufuma kale. Nsapato yothina ndi imene imadetsa zikhadabo mpaka kuzichotsa. Dzina la kampani lisakutengeni mtima. Asics, Nike, Adidas, Brooks, New Balance, onsewa amapanga nsapato zabwino, koma amapanganso zongotchenera, ndipo zachinyengo zokhala ndi mayina omwewa zadzaza m'misika. Imene yakukhalani bwino kuphazi mutathamanga nayo masitepe angapo pomwepo pamsika ndiyo yanu.

Zija zokhala ndi chinthu cholimba koma chopepuka cha kaboni m'kati, zimene akatswiri amavala pa mipikisano ikuluikulu, sizikukukhudzani pakadali pano.

Nanga osavala nsapato n'komwe? Si uja wa ku Ethiopia anapambana wopanda nsapato?

Abebe Bikila anapambanadi marathon (mpikisano wa makilomita 42) ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Koma mu 1964 ku Tokyo anapambananso atavala nsapato. Ngati munakula mukuyenda chosavala ndipo muli ndi bwalo la udzu loyera, palibe choletsa. Pa phula la m'tauni, pamene pali magalasi osweka, misomali ndi kutentha kwa masana, ayi.

Zovala zofunika ndi ziti?

Kabudula ndi malaya opepuka basi. Jezi ya mpira, ya nsalu yoterera ija, imaposa tisheti ya thonje chifukwa thonje limamwa thukuta, kulemera, n'kuyamba kukhula khungu. Sokosi ndiye musazipeputse. Za thonje zikanyowa zimabweretsa matuza, choncho pezani zopyapyala zosasunga madzi, zopanda msoko wokhuthala ku zala.

Pali nkhani ina imene anthu sauzana. Mukayamba kupitirira ola limodzi, malo amene khungu limakhulana, m'ntchafu, m'khwapa, ndi nsonga za mabere kwa abambo, amanyuka, ndipo mumadzazindikira posamba madzi akakhudzapo. Pakani Vaseline musananyamuke. Kwa amayi, bra yamasewera yogwira bwino ndi yofunika mofanana ndi nsapato, ndipo ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha chatsopano, ine ndingati igule imeneyo, nsapato mukasankhe pa kaunjika.

Mu June ndi July, makamaka ku Mzuzu, Dedza, Zomba ndi Blantyre chiperoni chikagwa, valani malaya a manja aatali opyapyala. Juzi yokhuthala mudzaivula pakatha mphindi khumi n'kumavutika nayo m'chiuno. Ndipo zovala majekete a pulasitiki kuti thukuta lichuluke n'zoopsa chabe: chimene chimatuluka ndi madzi, osati mafuta.

Kodi ndikufunika wotchi ya GPS?

Ayi. Foni yokhala ndi Strava kapena pulogalamu ina yotere imayeza mtunda, ndipo GPS simadya bandulo pothamanga. Kungoti foni yodula m'manja m'bandakucha imaitana akuba, ndiponso Strava imaonetsa anthu pamene mumayambira ndi kuthera, kutanthauza pakhomo panu, ngati simunabise.

Popanda zonsezi, werengani nthawi osati mtunda. Mphindi 40 ndi mphindi 40 kulikonse. Mukafuna kudziwa mtunda, bwalo la mpira la muyeso wonse ndi pafupifupi mamita 340 kulizungulira, ndiye katatu ndi kilomita imodzi. Njira yothamangiramo ya m'bwalo lamasewera ngati Bingu National Stadium ndi mamita 400. Kuizungulira ka 12 ndi theka ndi makilomita 5.

Ndizithamanga kuti?

Amene ali kumudzi ndi amene ali ndi mwayi, ngakhale sadziwa. Msewu wa dothi ndi wofewa ku mafupa kuposa phula, magalimoto ndi ochepa, mpweya ndi wabwino. A m'tauni akapeza njira yadothi, kaya ya m'mphepete mwa minda kaya yopita ku chigayo, aziigwiritsa ntchito makamaka pa ulendo wautali wa Loweruka.

Ku Lilongwe malo ndi athyathyathya, choncho n'kosavuta kusunga liwiro limodzi. Misewu ya ku City Centre ndi Capital Hill imakhala phee Loweruka ndi Lamulungu m'mawa, ndipo ya m'malo okhala anthu ngati Area 10, Area 12 ndi Area 43 ili ndi mitengo ndi magalimoto ochepa. Vuto la Lilongwe ndi fumbi ndi utsi wa moto wa tchire kuyambira August mpaka mvula itagwa.

Blantyre ndi nkhani ina. Mzindawu wazunguliridwa ndi Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe, ndipo palibe njira imene mungayende makilomita atatu osakumana ndi chitunda. Munthu wozolowera ku Lilongwe akabwera kuno amaona ngati wadwala. Koma zitunda zimenezi ndi mphunzitsi waulere: zimalimbitsa ntchafu ndi akatumba popanda kulipira ku jimu. Pokwera fupikitsani masitepe, yang'anani patsogolo pang'ono osati pamwamba pa chitunda, ndipo chikakula yendani. Potsetsereka ndi pamene pamafunika nzeru, chifukwa pamakoma koma ndi pamene miyendo imamenyeka kwambiri. Kuwawa kwa ntchafu kwa mawa lake kumachokera potsika, osati pokwera. Ambiri amakonda msewu wa Masauko Chipembere pakati pa Blantyre ndi Limbe chifukwa pamakhala anthu ndi kuwala, koma ikangokwana nthawi ya maminibasi mumangopuma utsi. Misewu ya ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe ndi yabata.

Ku Zomba, msewu wokwera ku Ku Chawe ndi mayeso enieni, ndipo pamwamba pa phiri, cha ku damu la Mulunguzi, kuli njira za m'nkhalango zozizira bwino ngakhale mu October. Kumeneko pitani awiri kapena atatu. Ku Thyolo ndi Mulanje misewu ya m'minda ya tiyi ndi yokongola zedi, koma ndi malo a eni ake, pemphani kaye kwa alonda. Kunyanja mchenga umatopetsa akatumba ndipo gombe ndi lopendekera, choncho musathamange mtunda wautali mbali imodzi yokha.

Langizo limodzi pa njira iliyonse yatsopano: yambani ndi yozungulira pafupi ndi kwanu, kuti zikavuta m'mimba kapena mwendo, kunyumba kukhale kufupi.

Pamsewu ndizikhala mbali iti?

Kuno ku Malawi, monganso ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain, magalimoto amayenda kumanzere. Inu muzithamanga kumanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, kuti muziwaona n'kutha kudumphira kumbali. Musaganize kuti dalaivala wakuonani. Njinga zamoto za kabaza zimatulukira paliponse, zina zopanda nyali, ndipo minibasi ikaona pasenjala imakhotera pomwe muli inu. Kukadali mdima valani zowala, zoyera kapena zachikasu, ndipo kachibesiti konyezimira kamene amavala a kabaza ndi kotchipa. Zomvera nyimbo m'makutu onse awiri pamsewu wa magalimoto ndi kudziika m'manja mwa imfa. Ngati simungathe popanda nyimbo, khutu limodzi likhale lotsegula.

Agalu ndimawaopa kwambiri. Nditani akandithamangitsa?

Imani. Galu simungamupose liwiro, ndipo kuthawa ndi kumene kumamupatsa mangolomera. Mutembenukireni cham'mbali, musamuyang'ane m'maso, lankhulani mwamphamvu, n'kumabwerera pang'onopang'ono. Agalu athu ambiri akangoona munthu akuwerama ngati akutola mwala amabwerera okha.

Akakulumani kapena kukukandani, ngakhale pang'ono, nkhani yake ndi ya chiwewe ndipo si yochedwa nayo. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za katemera. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Ndine mayi. Amuna amandiimbira miluzi ndi kundinena za kavalidwe. Ena amatani?

Pepani mayi, zimenezi n'zoona ndipo cholakwa si chanu. Amayi ambiri amene apitiriza kuthamanga anapeza gulu, ngakhale la anthu atatu, chifukwa wonyoza amachita mphamvu akaona munthu ali yekha. Ena amavala kabudula wotaya kapena siketi yamasewera pamwamba pa thalauza yothina, ena amamanga juzi m'chiuno; chitani chimene chikupatseni mtendere, osati chimene anthu a pa siteji alamula. Muzisinthasintha njira ndi nthawi, wina kunyumba azidziwa kumene mwalowera, ndipo malo opanda anthu muwasiyire tsiku limene muli ndi anzanu.

Dziko lino lili ndi mbiri ya amayi othamanga. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo yasiliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004, ndipo Tereza Master anaimira Malawi pa marathon ya Olimpiki ku Rio mu 2016.

Nthawi yabwino ndi iti, makamaka kukatentha?

M'mawa. Mu October ndi November kunja kumayera cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana 7 dzuwa limakhala litayamba kale kuluma. Ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, kumene kutentha kumatha kufika madigiri 40, ulendo wautali uyenera kutha dzuwa lisanakwere. Nyengo yotentha liwiro limatsika lokha chifukwa magazi ambiri amapita ku khungu kukaziziritsa thupi; musalimbane nazo. Mukayamba kumva chizungulire, mutu kuwawa, nseru, kapena tsemwe kunja kukutentha, imani pamthunzi, dzithireni madzi, ulendo wa tsikulo wathera pomwepo. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka kapena kudzandira, muziziritseni ndi madzi msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mvula yokha siletsa kuthamanga, imakomanso. Choletsa ndi ziphaliwali ndi madzi osefukira pa milatho ing'onoing'ono. Nsapato zikanyowa, tulutsani zopondapo, ikanimo mapepala a nyuzi, ziume pamthunzi. Pafupi ndi mbaula guluu amasungunuka.

Ndidye chiyani, ndimwe madzi ochuluka bwanji?

Ulendo wosapitirira ola limodzi m'mawa, kapu ya madzi musananyamuke ndi yokwanira, ndipo ambiri amathamanga osadya kanthu. Ngati mumamva njala, nthochi imodzi kapena kachidutswa ka mbatata yophika. Usiku woti mawa kuli ulendo wautali, nsima kapena mpunga zili bwino, koma nyemba, kabichi ndi tsabola wambiri zidikire tsiku lina, pokhapokha ngati njira yanu ili ndi zimbudzi zodalirika.

Mukapitirira ola ndi theka, thupi limayamba kutha shuga amene linasunga m'minofu ndi m'chiwindi. Apa muzidya kanthu kakang'ono mphindi 40 zilizonse: theka la nthochi, maswiti awiri, kapena uchi pang'ono. Timapaketi todula timene othamanga akunja amanyamula ndi shuga yemweyo. Tengani ndalama pang'ono m'thumba kuti mugule madzi a m'botolo lotseka pa okala; madzi omanga m'majumbo, amene simukudziwa kumene atungidwa, si abwino makamaka nyengo ya kolera.

Thukuta limatuluka ndi mchere. Pa ulendo wautali kukutentha, paketi ya Thanzi imathandiza, kapena sakanizani nokha: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Koma madzi akhozanso kupweteka. Munthu wothamanga pang'onopang'ono kwa maola anayi kapena asanu, akumwa pa malo aliwonse ngakhale alibe ludzu, amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo anthu amwalirapo nazo pa mipikisano ikuluikulu. Imwani mukamva ludzu. Masana onani mkodzo: ukakhala wachikasu chotuwa zili bwino, ukadera onjezerani madzi.

Mukabwerako idyani pasanapite nthawi yaitali. Phala la soya kapena lothira nsinjiro, mazira, thobwa, masana nsima ya usipa. Amayi amene akungomva kutopa kosatha ngakhale akugona bwino akayezetse magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi n'kofala ndipo kumafooketsa wothamanga msanga.

Akuti kuthamanga kumawononga mawondo. N'zoona?

Kafukufuku amene wachitika pa anthu othamanga mongodzilimbitsa thupi sanapeze kuti amadwala nyamakazi ya m'mawondo kuposa amene sathamanga. Chimene chimapweteka bondo ndi kulumphira mtunda umene mwendo sunaukonzekere, nsapato yakufa, ndi minofu yofooka ya m'chiuno ndi m'ntchafu. Kawiri pa sabata, chitani zolimbitsa miyendo pakhomo pomwepo: kunyonyomala n'kudzuka, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde ndi mwendo umodzi, kunyanyamphira pa zala n'kutsika pang'onopang'ono. Mphindi 15 zakwana.

Phunzirani kusiyanitsa zowawa. Kuphwanya kwa minofu ya miyendo yonse iwiri, kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu, n'kwabwinobwino. Ululu wa malo amodzi, umene mungauloze ndi chala pa fupa la msongolo kapena pamwamba pa phazi, umene ukukula mukamathamanga ndipo ukumveka ngakhale poyenda, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa. Umenewo siyani kuthamanga mukaonane ndi dokotala. Ndipo musamwe Brufen kapena mankhwala ena a mtundu umenewo kuti muthe kuthamanga ulendo wautali: amabisa ululu umene ukukuchenjezani, komanso pamodzi ndi kuchepa kwa madzi m'thupi amapweteka impso.

Ndadwala malungo sabata yatha. Ndiyambirenso liti?

Thupi likutentha musathamange, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu. Kukakamiza kumatha kupweteka mtima. Malizani LA yense, dikirani masiku angapo mpaka chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zibwerere, kenako yambani ndi kuyenda ndi theka la mtunda umene munazolowera. Malungo amachepetsa magazi, ndiye musadabwe kuona befu likubwera msanga kwa masabata angapo.

Amene ali ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, komanso amene akuyamba atapitirira zaka 40 atakhala nthawi yaitali osachita majowajowa, ayambe aonana ndi a chipatala. Kawirikawiri adzakulimbikitsani, chifukwa bungwe la WHO limalangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera olimbitsa thupi apakatikati, kapena 75 za amphamvu. Koma kupweteka kwa pachifuwa, kukomoka, kapena mtima kugunda mosalongosoka pothamanga si zopirira.

Ndikufuna mimba iphwe. Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Yaitali kuposa mmene mukufunira. Kilomita imodzi imawotcha mphamvu zochepa kuposa zimene zili mu botolo limodzi la zakumwa zotsekemera, ndipo kuthamanga kumabweretsa njala. Mimba imaphwa kuthamanga kukagwirizana ndi kuchepetsa mowa, shuga wa mu tiyi ndi mitanda ya usiku. Zimene zimabwera msanga ndi zina: tulo tabwino, BP kutsika, kukwera masitepe osapumira.

Konzekeraninso mafunso a abale. Mukangotsika thupi pang'ono, azakhali adzakukokerani pambali n'kufunsa motsitsa mawu ngati zonse zili bwino kunyumba, kapena ngati mwapitako kuchipatala. Anthu ena asiya kuthamanga chifukwa cha mafunso amenewa.

Ndimayamba ndi moto, koma pakatha mwezi ndimagwa ulesi. Ena amatha bwanji?

Amene athamanga zaka zambiri si kuti amadzuka ndi chikhumbokhumbo tsiku lililonse. Mu July, 5 koloko m'mawa, bulangete limakoma kwa aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anachotsa mpata wokambirana ndi mtima wawo. Zovala amaziika pa mpando usiku, nsapato pakhomo, ndipo pa mphambano pali munthu amene akuwadikira. Chomalizachi ndicho champhamvu kuposa zonse. Kudzinamiza wekha n'kosavuta, koma kusiya mnzako ataima mumdima akunjenjemera n'kovuta. M'mizinda yathu muli magulu ambiri othamanga amene amapangana pa WhatsApp. Sankhani limene lili ndi anthu a liwiro lanu, chifukwa gulu lothamanga kwambiri lidzakubwezerani ku vuto loyamba lija la befu, ndipo mudzayamba kuliopa.

Ulesi wambiri umene anthu amadziimba nawo mlandu ndi kutopa chabe. Ngati ulendo uliwonse umatha muli gada pa udzu, thupi limaphunzira kuti kuthamanga ndi chilango ndipo limakana. Muzimaliza masiku ambiri mukumva kuti mukanatha kupitiriza.

Tsiku limene simukufuna n'komwe, dziuzeni kuti mungothamanga mphindi khumi, zikakanika mubwerera. Nthawi zambiri simubwerera. Mukabwereradi, ndiye kuti thupi linafunikadi kupuma. Sungani kope laling'ono lolembamo tsiku, nthawi ndi mmene munamvera. Pakatha miyezi itatu mukaliwerenga mudzaona kuti chitunda chimene chinkakuyendetsani tsopano mumachikwera mukucheza.

Moyo udzakudukizani ndithu. Kudzagwa maliro, mwana adzadwala, idzafika nthawi yobzala kapena ya malipoti a kutha kwa mwezi. Sabata imodzi kapena awiri osathamanga sachotsa zimene mwamanga. Cholakwika n'kufuna kubweza ngongole, kuthamanga masiku asanu otsatizana kuti mulipire amene munajomba. Ingoyambirani pamene muli. Za ana amene amakutsatirani akuseka, ndi abambo a pa bawo ofunsa kuti, "Akuthamangitsani ndani, achimwene?", apatseni moni n'kupitirira. Pakatha mwezi amazolowera, ndipo tsiku limene simunadutse amafunsa.

Ndi mipikisano iti imene munthu wamba angalowe?

Kulembetsa mpikisano kumathandiza chifukwa tsiku likakhala pa kalendala ulesi umachepa. Yambani ndi makilomita 5 kapena 10. Mabanki, makampani ndi mabungwe amakonza mipikisano yotere ku Lilongwe ndi Blantyre, makamaka nyengo yozizira, ndipo yambiri imakhalanso ndi makilomita 21.

Wathu weniweni ndi Porters Race wa pa phiri la Mulanje, umene umachitika m'nyengo yozizira. Unayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamulira alendo katundu paphiripo, ndipo tsopano aliyense akhoza kulowa. Umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa cha ku Lichenya, n'kutsikanso, mtunda wopitirira makilomita 20. Musauyerekeze ndi makilomita 20 a pamsewu. Pali malo okwera ndi manja omwe, ndipo potsika pa miyala anyamata a kumeneko amakudutsani ngati mwaima. Pitani mutazolowera mapiri, ndi nsapato zogwira pansi.

Amene ali ku South Africa ndi Britain ali ndi parkrun, makilomita 5 aulere Loweruka lililonse m'mawa, imene inayambira ku Bushy Park ku London mu 2004 n'kufika ku Johannesburg mu 2011. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti, ndipo oyenda pansi amalandiridwanso. Ku South Africa komweko kuli Two Oceans ya makilomita 56 ku Cape Town, ndi Comrades, imene inayamba mu 1921 pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban, mtunda wa pafupifupi makilomita 90, chaka china kukwera chaka china kutsika. Comrades imatsekedwa pakatha maola 12 ndendende, ndipo wofika sekondi imodzi mochedwa salandira mendulo. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anaipambana katatu motsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2011. Kuti mulowe muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 20 ndiponso kumaliza kaye marathon yovomerezeka m'nthawi imene okonza aika.

Ndamaliza makilomita 21. Kodi ndakonzeka kuthamanga marathon yonse?

Marathon ndi makilomita 42.195, koma kuvuta kwake si kuwirikiza kawiri 21. Mavuto enieni amayamba cha pa makilomita 30, pamene shuga wosungidwa m'thupi watha, miyendo yauma, ndipo mutu wayamba kupereka zifukwa zomveka bwino zokwerera galimoto ya otsalira. Ndi bwino mutathamanga chaka chathunthu mosadukizadukiza, n'kumaliza 21 kangapo musanalembetse.

Kukonzekera kumatenga masabata 16 mpaka 20, kanayi pa sabata, ndipo ulendo wa Loweruka umakula pang'onopang'ono mpaka makilomita 30 kapena 32. Simufunika kuthamanga 42 yonse pokonzekera. Masabata awiri kapena atatu omaliza mumachepetsa mtunda kuti miyendo ipume, ngakhale mtima uzikuuzani kuti mukutaya mphamvu. Werengeraninso nthawi ya pakhomo, chifukwa ulendo wa maola atatu Loweruka umatanthauza kuti masana ake mudzakhala wogona, ndipo ndi bwino akunyumba avomereze zimenezi musanalipire ndalama yolembetsera.

Pa tsiku la mpikisano musavale kapena kudya chilichonse chatsopano: nsapato, sokosi, kabudula ndi chakudya cha m'mawa zikhale zimene munaziyesa pa maulendo aatali. Dulani zikhadabo masiku angapo m'mbuyo, osati usiku wake. Makilomita 10 oyamba thamangani mofatsa kuposa mmene mukufunira, ngakhale anthu akudutseni ambirimbiri, ndipo yambani kudya ndi kumwa pang'onopang'ono ola loyamba lisanathe, njala isanabwere.